Pamwamba pa buledi wa nthochi tiikepo chiyani: nshawa, icing ya mandimu, kirimu kapena chokoleti?

Buledi wa nthochi amatuluka mu uvuni ali wotsekemera kale. Nthochi zimene timaphikira ndi zija zopsetsa mpaka makoko kuda, zija amayi a pa Soweto Market amatsitsa mtengo dzuwa likapendeka podziwa kuti mawa palibe adzazigula. Pofika pamenepo nthochi imakhala yadzaza shuga wake wachilengedwe, ife n'kuwonjezeranso kapu ya shuga wa ku Nakambala posakaniza. Ndiye munthu akatenga icing yokhuthala, shuga uja wopaka pa makeke, n'kumata pamwamba pa buledi wotere, chidutswa choyamba chimakoma, chachiwiri chimakola, chachitatu chimatsala m'mbale.

Choncho musanasankhe chokongoletsera, dzifunseni zinthu ziwiri. Kodi chimene ndikuikacho chikubweretsa chiyani chimene buledi alibe? Buledi wa nthochi ndi wofewa, wachinyezi, wotsekemera. Chimene akusowa ndi kukhukhuta m'kamwa, kawawasa pang'ono, kapena kamchere. Funso lachiwiri ndi la kuno kwathu ku Lusaka: buledi ameneyu akupita kuti, ndipo akhala maola angati kunja kwa furiji? Icing imene imaoneka bwino pa chithunzi chojambulidwa m'dziko lozizira siingapirire ulendo wa pa minibasi kuchoka ku Matero kupita ku Chelston masana a Okutobala.

Zolowa nazo mu uvuni

Njira imene imakopa maso kwambiri masiku ano ndi yong'amba nthochi pakati m'litali n'kuigoneka pamwamba buledi asanalowe mu uvuni. Ikatuluka imakhala yofiirira, yonyezimira, ndipo aliyense amadziwa kuti buledi uyu ndi wa chiyani asanafunse. Ndalama yake ndi nthochi imodzi basi. Koma ili ndi zovuta zimene chithunzi sichionetsa. Pansi pa nthochiyo buledi amachedwa kupsa chifukwa madzi a nthochi amatsikira pomwepo, ndiye mukabaya kamtengo poyesa, bayani m'mbali mwa nthochi, osati kumapeto kwa thini. Tsiku lotsatira nthochi ija imada, imatelera, ndipo malo amenewo ndi amene amayamba kusasa. Nthochi ndi yolemeranso. Lusaka ili pamtunda, mamita opitirira 1,200 kuchokera pa nyanja yamchere, ndipo pamalo okwera chotere buledi amafufuma msanga asanalimbe mkati. Mukachulutsa soda n'kusanjikizanso nthochi yolemera pamwamba, pakati pamagwa. Ngati mwasankha njirayi, tengani nthochi yopsa koma yolimba, osati yofanana ndi zija mwapotera mkati, ipakeni madzi a ndimu kuti isade msanga, muwaze shuga wabulauni pang'ono, ndipo buledi ameneyo adyedwe tsiku lomwelo.

Njira imene ine ndimaiika patsogolo pa zonse ndi ya nshawa. Imafuna masupuni anayi a fulawa, masupuni anayi a shuga wabulauni, masupuni atatu a batala kapena majarini ozizira, theka la kapu ya nshawa zokazinga, kamchere kotapa ndi zala, ndi sinamoni ngati alipo. Fikisani fulawa, shuga ndi batala ndi nsonga za zala mpaka zipange timibulu, kenako muthire nshawa. Nshawazo musazisinje mpaka kukhala nsinjiro. Ziikeni pa nsalu yoyera, mugubuduze botolo pamwamba kawiri katatu kuti zingosweka, zina pakati, zina tizidutswa. Wazani zonsezi pamwamba pa buledi wosapsa, musindikize pang'ono ndi chikhatho kuti zigwire.

Mtundu wa nshawa uli ndi ntchito. Chalimbana, zija zikuluzikulu zotuwa za kum'mawa, zimaoneka bwino pamwamba ndipo zimakhukhuta bwino. Zofiira za MGV4, zimene dzina lake linachokera ku malo a kafukufuku wa zaulimi a Msekera kufupi ndi Chipata, zili ndi mafuta ambiri, n'chifukwa chake ambiri amazikonda popanga chiponde. Zonse zimatheka, koma pokazinga kumbukirani kuti zikakhalanso mu uvuni wa madigiri 180 kwa mphindi 50 mpaka 60. Ziphuleni zikangoyamba kununkhira ndi kusupuka khungu mukazifikisa, zisanafiire mkati. Buledi akakhala mu uvuni mphindi 35 kapena 40 suzumirani. Ngati pamwamba payamba kuda, phimbani ndi foilo. Ndipo musanakazinge, khalani pansi musankhe. Zofota, zachuku, zakuda mkati ndi zowawa tayani. Chuku cha nshawa chimatulutsa poizoni wa aflatoxin amene amawononga chiwindi, ndipo moto wa uvuni sumupha.

Ophikira pa mbaula, amene amaika thini mu poto wamkulu wa mchenga n'kusanja malasha pa chivindikiro, asamale apa. Moto wa pamwamba umakhala pafupi kwambiri ndi buledi, moti nshawa zimapserera mkati musanapse. Lolani buledi ayambe wagwira pamwamba kwa mphindi ngati 15, mutsegule msanga, muwaze nshawa, mutseke, ndipo muchepetse malasha a pa chivindikiro.

Ubwino wa njirayi ndi woti buledi akatuluka, ntchito yatha. Safuna furiji, sasungunuka, samata pa pulasitiki, ndipo amapirira masiku awiri kapena atatu pa shelefu. Kuipa kwake n'koti timibulu timayoyoka podula, choncho gwiritsani mpeni wamano, muzicheka pang'onopang'ono osati kukanikiza. China, pali ana amene matupi awo sagwirizana ndi nshawa mpaka kutupa kukhosi. Buledi wopita kusukulu kapena ku Sande sukulu asakhale wa nshawa musanafunse.

Ngati nshawa palibe, chitowe, nthanga za maungu zosenda kapena oats zimagwira ntchito yomweyo, ngakhale kukoma kwake sikufika pa nshawa. Ndipo supuni ziwiri za shuga wamba zongowaza pamwamba buledi asanalowe mu uvuni zimapanga kakhungu kothetheka kamene anthu ambiri amadabwa nako. Pa njira zonse iyi ndiyo yotchipa.

Icing yopyapyala

Pa zothira buledi atapsa, iyi ndiyo imayenera buledi wa nthochi. Sefani kapu imodzi ya icing sugar, shuga uja wosalala ngati ufa, muthire supuni imodzi ya madzi a ndimu, mutakase. Poyamba zimaoneka ngati madzi achepa kwambiri. Musafulumire, takasanibe, ndipo wonjezerani madzi madonthomadontho. Yesani chonchi: nyamulani supuni, mulembe mzere ndi icing yodontha pamwamba pa inzake m'mbalemo. Mzerewo ukazimiririka mutawerenga mpaka khumi, yafika. Ukasowa nthawi yomweyo, yachuluka madzi ndipo idzangotsikira m'mbale. Ukakhalabe osasuntha, yauma kwambiri ndipo siiyenda.

Buledi akhale atazizira mpaka mkati, zimene zimatenga maola awiri kapena kupitirira. Gwirani pansi pake, chifukwa pamwamba pamanamiza. Mukathira pa buledi wofunda, icing imasungunuka n'kulowa mkati, pamwamba n'kutsala ponyowa popanda choyera chilichonse. Pa buledi wozizira imatsetsereka m'mbali pang'onopang'ono n'kuima pakati pa njira, ndipo pakatha theka la ola imauma kakhungu koti mukakhudza sikamata chala.

Chimene chimapambanitsa icing imeneyi ndi ndimu. Kuwawasa kwake kumadula kutsekemera kwa nthochi, munthu n'kumafuna chidutswa china. Mukasakaniza ndi madzi wamba kapena mkaka, mwangowonjezera shuga pa shuga. Madzi a granadilla osefa njere amachitanso bwino ndipo amapereka mtundu wachikasu. Koma yesaninso malambe, amene pamsika muwamva akutchedwa mabuyu. Viikani pang'ono m'madzi ofunda, mufikise kuti ufa uchoke ku nthanga, musefe bwino kuti ulusi usatsale, ndipo madzi okhuthalawo ndiwo musakanizire icing sugar. Mtundu wake sukhala woyera mbee, umapita ku kirimu, koma kukoma kwake n'kwa kwathu ndipo kumagwirizana ndi nthochi kuposa mmene mungaganizire. Anthu amene anakulira ku Luangwa kapena ku chigwa cha Zambezi amakuzindikira pa kuluma koyamba.

Mdani wa icing iyi ndi chinyezi. Shuga amakoka madzi mumpweya, ndiye m'nyengo ya mvula, kuyambira Novembala mpaka cha mu Malichi, imachedwa kuuma ndipo ikauma imatha kunyowanso usiku. Mukakulunga mu pulasitiki ndiye mwaipha. Taonani chidutswa chimene chakhala mu pulasitiki pa dzuwa kuyambira m'mawa pa kantemba: mkati mwa pepala muli timadontho ta thukuta, choyera chija chasanduka madzi onanda, ndipo wogula akamafunyulula theka la icing limatsalira ku pepala, iye n'kumanyambita zala. M'miyezi ya Juni ndi Julayi, kukauma ndi kuzizira, vutoli kulibe.

Icing sugar ikadula kapena ikasowa, ena amagaya shuga wamba mu blender. Zimatheka, makamaka mukathira kasupuni kakang'ono ka cornflour pa kapu iliyonse, monga amachitira ku fakitale kuti shugayo asaumbike. Gayani nthawi yaitali, musefe, mugayenso. Ngakhale mutero, timchenga timamvekabe pa lilime, ndipo shuga wabulauni amapereka icing yotuwa. Pa icing ya mandimu zimapiririka. Pa kirimu wa batala sizipiririka. Za kusinja mu mtondo ziiwaleni, chifukwa mtondo wa pakhomo umakhala utamwa fungo la nsinjiro ndi tsabola kwa zaka.

Makirimu okhuthala

Kirimu wa batala ndi amene ambiri amathamangira chifukwa ndi wa pa keke ya tsiku lobadwa. Muyeso wake ndi magalamu 100 a batala pa magalamu 200 a icing sugar, kupuntha mpaka ayere. Amalola kulemba dzina, kupanga maluwa, kuthira mtundu. Ngati mwana wapempha keke ndipo m'nyumba muli nthochi zopsetsa zokha, kirimuyu amasandutsa buledi wamba kukhala wa chikondwerero, ndipo pa ntchito imeneyo sindimutsutsa.

Koma batala amasungunuka pa madigiri 32 mpaka 35, ndipo amayamba kufewa asanafike n'komwe pamenepo. Masana a Okutobala mu Lusaka kutentha kumadutsa madigiri 30, ndipo m'khitchini ya malata opanda siling'i kapena m'galimoto yoimika padzuwa kumaposa apo. Maluwa aja amagwa nkhope, mafuta n'kuyamba kutuluka m'mbali. Majarini ouma a m'mapepala, aja opangira zophikaphika, amapirira kutentha kuposa batala ndipo ndi otchipirapo, koma amasiya kamafuta kokakamira kumwamba kwa kamwa. Ofewa a m'tizidebe, opaka pa buledi wa tiyi, ali ndi madzi ambiri, moti kirimu wake amalekana n'kuoneka ngati mkaka wosasa. Ambiri ogulitsa amasakaniza theka batala, theka majarini ouma, ndipo ndi nzeru yabwino.

Ngati mukufunadi kirimu wokhuthala, thiranimo chiponde. Magalamu 100 a batala, magalamu 100 a chiponde chosalala, magalamu 150 a icing sugar, supuni imodzi kapena ziwiri za mkaka, ndi kamchere. Nthochi ndi chiponde n'zogwirizana kale, ndipo chiponde chimachepetsa shuga amene mukanathira. Chiponde cha pamsika chosathira kanthu chimakhala ndi mafuta oyandama pamwamba. Chitakaseni bwino musanatape, apo ayi kirimu akhala wamadzi. Pakani wochepa, wosapitirira kunenepa kwa chala chaching'ono.

Kirimu wa cream cheese, tchizi chija chofewa chopaka, tikanena za kukoma kokha, ndiye mfumu. Ali ndi kuwawasa kumene buledi wa nthochi amafuna komanso kufewa kwa kirimu. Mavuto ake ndi awiri ndipo onse ndi aakulu. Cream cheese mumupeza m'masitolo akuluakulu monga Shoprite ndi Pick n Pay, ndipo kachidebe kamodzi kangathe kudula kuposa zonse zimene mwaphikira buledi. Chachiwiri, ndi chakudya cha mkaka chosachedwa kuwonongeka. Malangizo a zaukhondo wa chakudya amati chisakhale kunja kwa furiji kupitirira maola awiri, ndipo kukatentha kupyola madigiri 32, ola limodzi lokha. Amene anali mu Lusaka chaka cha 2024, chilala chitaphwetsa madzi ku Kariba, akukumbuka furiji ikukhala yozima pafupifupi tsiku lonse. Malaiti akamavuta chonchija, kirimu ameneyu ndi wopanga n'kudya pomwepo. Si wopita naye ku kitchen party kumene mbale zimayalidwa pa tebulo masana koma anthu n'kudzadya madzulo, alangizi atamaliza zawo zonse.

Pali njira yapafupi yopezera kukoma kofanana. Thirani mabisi kapena yogati yosatsekemera pa nsalu yoyera yoyala mu sefa, muike mu furiji usiku wonse kuti madzi adonthe. M'mawa mupeza zokhuthala. Sakanizani ndi supuni ziwiri kapena zitatu za icing sugar. Sizilimba moti n'kupaka pa buledi wathunthu, ndiye ziikeni m'kambale pambali, aliyense azitapa ndi supuni n'kuika pa chidutswa chake. Nazonso ndi za mkaka, lamulo la furiji ndi lomwelo, koma buledi amakhala wosakhudzidwa ndipo wotsala mumasunga bwinobwino.

Fondant, ija yoyala ngati nsalu pa makeke a ukwati, isiyeni. Chinyezi cha buledi wa nthochi chimainyowetsa kuchokera pansi, pamwamba pa buledi si posalala, ndipo anthu amangoisenda n'kuisiya pambali.

Chokoleti, karamelo ndi uchi

Ana amavotera chokoleti nthawi zonse. Njira yapamwamba ndi kutenthetsa kirimu wa mkaka n'kumuthira pa chokoleti chodula tizidutswa, muyeso wofanana, magalamu 100 pa magalamu 100. Zimanyezimira bwino koma zimadula ndipo sizikonda kutentha, pakuti mafuta a koko amasungunuka cha pa madigiri 34. Chokoleti chophikira, chija chopangidwa ndi mafuta a zomera, chimapirira dzuwa ndipo chimauma msanga, koma kukoma kwake n'kochepa. Yotchipa ndi kusakaniza kapu ya icing sugar, masupuni awiri a koko, kabatala pang'ono ndi madzi otentha. Vuto langa ndi chokoleti n'loti chimakwirira nthochi. Mukamata pamwamba ponse, munthu amamva chokoleti chokha, ndiye nthochi zinayi zija mwapotera chiyani? Thirani m'kapepala ka pulasitiki, mudule kangodya, mujambule mizere yopingasa. Pa buledi wa nshawa mizere imeneyi imakongola kwambiri.

Karamelo amakoma ndi nthochi, makamaka wothira kamchere, koma amafuna dzanja lozolowera. Shuga amasungunuka n'kuyamba kufiira cha pa madigiri 160, ndipo kuchoka pa kufiira kufika pa kupserera ndi kanthawi kochepa zedi. Pa mbaula, pamene simungatsitse moto ndi batani, muzikhala okonzeka kuphula poto. Mukathira kirimu kapena batala amawira mwaukali n'kuthovoka, ndipo akagwera pakhungu amamatirira. Ana atuluke m'khitchini. Karamelo sauma ngati icing, amakhala wonanda, choncho ndi wodyera pa mbale ndi foloko, osati wonyamula m'manja.

Uchi ndi wosiyana ndi zonsezi chifukwa ndi wokhawo wopaka buledi akadali wofunda. Sungunulani supuni ziwiri za uchi ndi supuni imodzi ya batala, mupake pamwamba buledi atangotuluka m'thini. Umalowa pang'ono n'kusiya pamwamba ponyezimira. Uchi wa ku Mwinilunga ndi Kabompo, wa m'ming'oma ya makungwa m'nkhalango za miombo, ndi wakuda ndiponso wa fungo lamphamvu, moti wochepa umakwana. Mukawaza nshawa zosweka kapena chitowe nthawi yomweyo zimamatirira. Dziwani kuti nyerere zimaumva kutali, ndiye ikani mbale ya buledi pamwamba pa mbale ina ya madzi. Mwana wosakwana chaka asadye uchi, ngakhale wopaka pa buledi, chifukwa ungakhale ndi tizilombo toyambitsa matenda oopsa a botulism timene m'mimba mwa khanda simungalimbane nato.

Buledi akupita kuti?

Wogulitsa zidutswa ku ofesi, pa kantemba kapena pa geti la sukulu aganize za pepala lokulungira ndi phindu. Shuga wowaza kapena nshawa ndizo zimamuyenera, chifukwa sizimata ndipo sizidya phindu. Kirimu aliyense amakweza mtengo wa chidutswa kufika poti wogula amayamba kuyerekeza ndi vitumbuwa vitatu, ndipo vitumbuwa vimapambana. Wolandira maoda a pa WhatsApp angathe kuika mitengo iwiri, wa buledi wamba ndi wa buledi wa icing, koma auze wogula kuti wa cream cheese abwere kudzatenga yekha ndipo apite naye molunjika ku furiji.

Wopita ku nyumba ya maliro asakongoletse. Amayi okhala kuseri kwa nyumba amafuna chodula msanga n'kugawa ndi tiyi kwa anthu ambiri, ndipo buledi wa maluwa pamalo pamenepo amaoneka wosadziwa kumene wabwera. Wopita kwa apongozi Lamlungu, icing ya mandimu kapena uchi ndi nshawa n'zokwanira kuonetsa kuti munaikapo mtima popanda kuoneka ngati mukudzionetsera. Azakhali anga, amene aphika zaka zambiri ku Chilenje, akaona buledi womatidwa kirimu mbali zonse amangofunsa kuti, "Mwana wanga, wabisa chiyani pansi apa?" Nthawi zambiri amakhala akunena zoona, chifukwa kirimu wochuluka amakonda kubisa buledi wopserera kapena wogwa pakati. Mng'alu wa pamwamba uja si chilema choti mubise. Umabwera chifukwa khungu limauma msanga mkati mukufufumabe, ndipo icing yopyapyala ikalowa mmenemo chidutswa chapakati chimakoma kuposa zonse.

Ngati ulendo ndi wautali koma mukufunabe icing, musathire kunyumba. Kulungani buledi wozizira wopanda kanthu, icing muiike m'kapepala ka pulasitiki kolimba, mufinye mpweya wonse, mumange mfundo. Ya mandimu imapirira maola angapo chonchi osauma, ndipo siifuna furiji. Mukafika, pemphani mbale yafulati, mufikise kapepalako m'manja kuti icing ifewe, mudule kangodya ndi sizasi n'kuthira pomwepo. Siyani theka la ola musanadule, ndipo pukutani mpeni ndi nsalu yonyowa mukadula chidutswa chilichonse kuti nyenyeswa zisadetse choyeracho.